Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: ku Ai-Ais ndi aNaphiri

Zikomo nonse amene mwakhala mukundikumbutsa kuti gawo lapitalo ndinalisiyira panjira, titangomanga chiliza cha mwana wathu. Ambiri mwafunsa kuti pikapu yakale ija inakafika bwanji ku akasupe otentha a ku Ai-Ais, m'chipululu cha Namibia, kuchokera kuno ku Mchinji. Lero ndifotokoza, ndi mitunda yomwe.

Koma ndiyambe ndi alamu anga a ku Kamwendo aja, poti ndikudziwa kuti amawerenga mwakachetechete. Munauza anthu kuti tinakayendera ndalama za chipepeso. Chipepeso chinathera pa bokosi, pa ufa ndi pa simenti ya manda, ndipo nsimayo munadya nawo. Za ulendowu zinatuluka mu soya wa zaka ziwiri. Nkhaniyo ithere pamenepa.

Wina analemba kuti bwanji osangopita ku akasupe otentha a ku Nkhotakota, pafupi pomwepa. Funso labwino. Kungoti akazi anga aNaphiri anali atakhala zaka ziwiri pakhonde, juzi ya kusukulu ya mnyamatayo ili pamiyendo. Kulikonse m'Malawi muno tikanakumana ndi wotipepesa. Ndinkafuna kumene kulibe wotidziwa, ndipo njirayo ndinkaidziwa chifukwa cha zaka zonse zija ndinkanyamula mkuwa pa thiraki kupita ku doko la Walvis Bay ku Namibia.

Mapepala ndi awa: pasipoti, blue book, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimoto si yobedwa, ndi inshuwalansi ya galimoto yotchedwa yellow card ya COMESA yoyendera mu Zambia. Pa Mwami, polowera mu Zambia, mulipira carbon tax (msonkho wa utsi wa galimoto), ndipo khalani ndi ma kwacha a ku Zambia a pa ma toll gate. Polowa mu Namibia galimoto yachilendo imalipira msonkho wa msewu, ndipo lisiti lake musalitaye chifukwa amalifunsa. Ndalama yawo ndi yofanana mphamvu ndi randi, randiyo amailandiranso.

Ulendo wake ndi wopitirira makilomita 3,000 kupita kokha. Ife tinauduladula masiku asanu. Chipata mpaka Lusaka ndi pafupifupi makilomita 570, kudzera pa mlatho wa Luangwa. Kenako Livingstone, Sesheke, n'kuwoloka Zambezi kulowa Katima Mulilo. Pakati pa Kazungula ndi Sesheke tinapeza maenje oti galimoto yaing'ono ingabisalemo, ndiye pamenepo musayende usiku. Mukalowa mu Namibia phula ndi losalala: msewu wa B8 mpaka Rundu, Grootfontein ndi Otavi, kenako wa B1 kutsika kudzera Otjiwarongo, Windhoek, Mariental, Keetmanshoop mpaka Grünau. Pakati pa Rundu ndi Grootfontein, pa Mururani, pali chipata cha mpanda woteteza ziweto ku matenda, ndipo nyama yaiwisi siloledwa kudutsa kupita kummwera. Yathu tinaotcheratu ku Rundu.

Vuto limayamba phula likatha. Mukadutsa Grünau mumapatukira mu C10, msewu wa miyala wopita ku Ai-Ais. Umaoneka wabwino, wotakasuka, ndipo ndi umene umapusitsa. Malo ena umakhala ndi timizere ngati malata, ndiye tayala likauma kwambiri limangodumphadumpha, galimoto n'kuyamba kuvina kumbuyo. Paphula ndinkayenda ndi mpweya wa m'matayala wa 2.4 bar. Pamiyala unayenera kutsika kufika 1.8, liwiro osapitirira 70 kapena 80. Ine, dalaivala wa zaka zonsezi, ndinachita ulesi kutsika. Mwala wakuthwa unang'amba tayala lakumbuyo cham'mbali, pomwe sipamatika. N'chifukwa chake ndimati sipeya akhale awiri, pampu ya pa batire, ndi thabwa lochindikala loika pansi pa jeki, apo ayi jekiyo imangomira mumchenga. Onjezani fanibeloti, zigubu ziwiri za malita 20 za madzi, ndi chimodzi cha dizilo. Madzi akumwa werengerani malita 5 munthu mmodzi pa tsiku. Pamene mwaona pothira mafuta, thirani, ngakhale thanki ili pa theka.

Ndikusintha tayalalo, aNaphiri anatsika n'kuima pamsewu. Kunalibe mtengo, kunalibe mbuzi, kunalibe mwana wothamangira galimoto. Miyala yofiirira basi mpaka kumene maso athera. Anati, “Abambo, kuno anthu amaika kuti maliro awo?” Ndinalibe yankho. Ndinangopitiriza kumanga manati.

Tinapita mu June, ndipo inunso mupite pakati pa May ndi September. Miyezi yotentha m'chigwa chimenechi mumapsa zenizeni, komanso mtsinje wa Fish umatha kusefukira mwadzidzidzi mvula itagwera kutali. Usiku wa June kumtunda kumazizira kuposa Dedza, choncho mabulangete musasiye. Pa kampu pali anyani odziwa kutsegula chikwama, chakudya chizigona m'galimoto.

Dzina lakuti Ai-Ais m'chinenero cha anthu a mtundu wa Nama limatanthauza madzi otentha ngati moto. Pomwe amatulukira pansi amafika pafupifupi madigiri 60, oti dzanja simungalisiyemo. Osambiramo ndi a m'madamu omangidwa, omwe amakhala atazirala. Ngakhale apo, mphindi 15 zakwana. Tulukani, imwani madzi ozizira, pumulani, kenako mubwerere. Mukakhalitsa mitsempha imatakasuka, magazi amatsika, ndipo poimirira mumaona chizungulire. Amene muli ndi BP kapena vuto la mtima yambani mwafunsa kuchipatala, ndipo mowa ndi madzi amenewa sizigwirizana.

Tsiku loyamba aNaphiri anakana kulowa. Anakhala m'mphepete ndi chitenje chawo, akuti azimayi a msinkhu wawo sasamba pagulu. Tsiku lachiwiri, kusanache bwino, kulibe anthu, anaviika mapazi. Kenako mawondo. Kenako anakhala pansi, madzi akulekeza m'khosi, chitenje chikuyandama. Ine ndinali pambali ndikuyang'ana wotchi. Mphindi zisanu zoyamba sanayankhule. Ndinangoona mapewa akugwedezeka. Pa maliro paja anthu ankawayamikira kuti ndi olimba mtima, chifukwa sanagwe pansi, ndipo ankauza okha azimayi a mpingo pomwe pali mchere ndi nkhuni. Kulira kumene anabisa tsiku lija kunatulukira m'damu lija, mokweza, mpaka mapiri a mbali zonse ankabweza mawu. Anatchula dzina la mnyamatayo katatu, dzina lomwe m'nyumba mwathu linali lisanamveke chiikireni maliro. Mphindi 15 zinakwana, zinadutsa. Lamulo langa lomwe ndinaliphwanya ndekha. Ndinalowamo ndi buluku, n'kuwagwira mkono kuti asaterereke, ndipo tinatuluka zala zitachita makwinya, iwo akuyenda modzandira. Musatengere ife.

Mawa lake tinakwera ku Hobas, komwe kuli poonera chigwa cha Fish River Canyon. Ndi chotalika pafupifupi makilomita 160, ndipo malo ena n'chakuya mamita 550. Alipo oyenda pansi kuchokera pamenepo mpaka ku Ai-Ais, makilomita oposa 80, masiku anayi kapena asanu, ndipo amafuna kalata ya dokotala. ANaphiri anasuzumira kamodzi, n'kubwerera m'mbuyo, amvekere, “Azungu ali ndi nthawi.” Ndi pomwe ndinamva akuseka.

Pobwerera ndinagula tayala lina ku Keetmanshoop, ndipo linadya ndalama yomwe tinasungira mbewu ya mtedza. Mmene tinadzalira chaka chimenecho, ndi zimene apongozi ananena titafika, ndi za gawo 15.