Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo la 7: Foni ya Amayi ndi Nkhani za ku Tete

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinatsika lole ya mbatatesi ku Matundo, dera la mu mzinda wa Tete, m'chaka cha 2010, nditanyamula chikwama chimodzi ndi bulangete lochindikala limene amayi anandikakamiza kutenga. Bulangetelo linangokhala pa msomali, chifukwa munthu wokulira m'mapiri a ku Angónia, kumene mu June timaotha moto mpaka dzuwa litakwera, sadziwa kuti m'chigawo chomwechi muli mzinda kumene mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo anthu amayala mphasa pabwalo poti malata amakhala akutenthabe pakati pa usiku. Lero ndikufuna ndifotokoze za ntchito ina imene ndinaipeza mu mzinda uno popanda kuifunsira, ndiyo youza abale a kumudzi zimene zikuchitika ku Tete.

Pa nthawi imene ndinkafikayo mzinda wonse unali utatengeka ndi malasha a ku Moatize. Kampani ya Vale inali ikumanga mgodi wake, umene unayamba kutulutsa malasha mu 2011, ndipo anthu ankabwera kuchokera ku Beira, ku Maputo, ku Zimbabwe ngakhalenso ku Brazil. Mlatho wowolokera Zambezi unali umodzi wokha, wa Samora Machel, ndipo malole opita ku Malawi ndi ku Zambia ankandandalikana mtunda wautali kudikira mpata wowoloka. Ine ndinkawoloka mlathowo wapansi m'mamawa uliwonse kupita ku msika wa Kwachena, kumene malume anga anandipezera malo ogulitsira mbatatesi ndi kabichi wochokera kwathu ndi ku Tsangano. Pamsikapo ndinaphunzira Chinyungwe cha malonda, chimene sichinandivute kwambiri poti mawu ambiri amayandikana ndi athu, ndipo Chipwitikizi changa cha kusukulu chinayamba kuwongoka chifukwa chowerenga nyuzipepala ya Notícias imene mwini sitolo wina ankandisiyira akamaliza.

Amayi analibe foni masiku amenewo. Lamulungu lililonse madzulo ankapita kwa aphunzitsi ena a m'mudzi mwathu, n'kuwapempha kuti andiyimbire, ndipo tikangolonjerana funso lawo linali limodzimodzi: "Mwana wanga, kumeneko kwachitika zotani?" Ndinkadziwa kuti sakumvetsera okha. Kumbuyo kwawo ndinkamva mawu a azakhali, a agogo aamuna ndi a anansi, ndipo zimene ndanena madzulo amenewo zinkafika kuchitsime ndi kuchigayo m'mawa mwake.

Vuto loyamba linali lakuti mbiri ya Tete imene inkafika kumudzi inali ya chuma chokhachokha. Anthu ankamva pa wailesi za ndalama zankhaninkhani zimene zalowa m'migodi, ndipo tsiku lina amayi anandifunsa mwachifatse kuti, "Tikumva kuti kumeneko ndalama zikuchita kutoledwa, nanga iwe zako zikupita kuti?" Ndinayesetsa kuwafotokozera kuti kachipinda kamodzi ka lendi kakwera mtengo kawiri m'chaka chimodzi, kuti madzi timagula pa chigubu kwa mnansi amene ali ndi mpope, kuti magetsi timalipiriratu ndipo akatha timakhala mu mdima, komanso kuti ntchito za ku mgodi zimafuna mapepala amene ambiri a ife tinalibe. Mu January 2012, pamene anthu amene anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha mgodi anatseka njanji ya sitima ya malasha podandaula za nyumba ndi minda imene anapatsidwa, m'pamene kwathu anayamba kukhulupirira kuti si aliyense wa kuno amene akudyerera. Amayi anangofunsa chinthu chimodzi, ngati anthuwo anasiyidwa ndi dimba kapena ayi, chifukwa kwa mlimi wa ku Angónia kumulanda munthu dimba n'kumulanda ndiwo za chaka chonse.

Koma nkhani imene inandisintha ndi ya ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa. Pa 9 January 2015 anthu ochokera ku maliro anamwa mowa wa chimanga umene kuno amautcha pombe, ndipo m'masiku otsatira anthu 75 anamwalira, ena ambiri n'kugonekedwa m'zipatala. Mayi amene anafulula mowawo nayenso anamwalira. Boma linalengeza masiku atatu a chisoni m'dziko lonse. Pamsika pathu panalibe amene ankakamba za china, ndipo dzuwa lisanalowe aliyense anali atadziwa kale chimene chapha anthuwo: ankati wina wathira ndulu ya ng'ona mu mgolo wa mowa. Mawuwo anali pakamwa pa woyendetsa chapa (minibasi), pa ogulitsa nsomba zouma za ku Chicoa, ngakhalenso m'nyuzipepala zina. Lamulungu limenelo amayi atandiyimbira, ndinawauza chimodzimodzi, ndipo sindinanene kuti ndi zongomva. Ndinalankhula ngati munthu amene anaona ng'onayo ikutumbulidwa.

Zotsatira zake ndinazimva patapita milungu iwiri. Azakhali anga, alongo awo a bambo, ankadyetsa ana awo ndi ndalama za mowa wa masese, ndipo anali ndi mkangano wakale wa malire a munda ndi banja lina. Nkhani ya ndulu itafika m'mudzimo, anthu anayamba kunong'onezana kuti munthu wa mkangano sayenera kumumwera mowa, poti sudziwa amene akumufuna. Palibe amene anawaneneza poyera, komabe migolo iwiri ya mowa inasasa popanda wogula, ndipo mwana wawo wamkazi anakhala pakhomo chigawo chonse cha sukulu chifukwa chosowa yunifolomu ndi makope. Azakhaliwo sanandidzudzule, ndipo ndikukhulupirira kuti sanaganizeko zoti mawu anga anathandizira mavuto awo, koma ine ndinkadziwa njira imene nkhaniyo inadzera.

Patadutsa miyezi yambiri, akatswiri a zaumoyo analengeza zimene anapeza atayeza mowa uja kunja kwa dziko lino. Munalibe ndulu ya ng'ona. Chimene chinapha anthu chinali poizoni wotchedwa bongkrekic acid, amene amapangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe tinaswana mu ufa wa chimanga wowonongeka umene anafululira mowawo. Ine ndinaziwerenga m'Chipwitikizi, m'nkhani yaifupi, ndipo pamsika panalibe amene anaikambako. Ndinayimbira amayi tsiku lomwelo, ndi ndalama zanga, ndipo ndinawapempha kuti aitane azakhali. Ndinati, "Amayi, zimene ndinakuuzani zija sizinali zoona. Anthu aja anafa ndi ufa woola, ndipo chonde muuze aliyense wofulula mowa kuti ufa umene wanyowa kapena wachita nkhungu autaye." Amayi anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ndamva mwana wanga, koma anthu kuno anaimva kale ija." Mpaka lero, ndikapita kwathu n'kutchula Chitima, amene amakumbukira amanena za ng'ona.

Chimene chimandipweteka pa nkhani imeneyi n'chakuti choonadicho chinali ndi phindu kwa mayi aliyense wosunga ufa m'nyengo ya dzinja, pamene bodza lija linangophunzitsa anthu kuopa anansi awo. Bodzalo linayenda m'Chinyungwe ndi m'Chichewa, pakamwa ndi pakamwa, mwaulere, koma choonadi chinabwera mochedwa, m'chilankhulo cha m'maofesi, pa pepala limene kumudzi silifika. M'chigawo chino anthu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde ambiri amalankhula Chichewa, ndipo ndimathokoza kuti Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa mawu m'chilankhulo chathu, monganso imachitira wailesi ya m'dera ya ku Ulongué. Komabe maganizo anga ndi akuti atolankhani athu amathamangira ngozi ikangochitika, ndipo sabwererako kukatiuza mathero ake. Amatiuza kuti akuluakulu alonjeza kufufuza, koma tsiku limene kafukufukuyo watha, nkhaniyo imapatsidwa mphindi imodzi, pamene inkafunika kubwerezedwa sabata yathunthu monga momwe amabwerezera mauthenga a maliro.

Pofika mu November 2016 mafoni a WhatsApp anali atachuluka, ndipo amayi anali ndi kafoni kawokawo kamene ndinawagulira. Pa 17 mwezi umenewo thanki ya mafuta inaphulika ku Caphiridzange, m'boma la Moatize, pamene anthu ankatunga petulo, ndipo anthu oposa 80 anafa, ena pomwepo ena kuchipatala. Malowo ali pa msewu wopita ku Zóbuè, womwewo umene malole athu a mbatatesi amadutsa asanakhotere ku Angónia, ndipo mng'ono wanga anali pa lole ina tsiku limenelo ngati wothandiza dalaivala. Zithunzi za anthu opsa zinayamba kulowa m'mafoni dzuwa lisanalowe, zina zotumizidwa ndi anthu amene sankaganiza kuti wozilandira angazindikirepo mwana wake. Amayi anayimba kanayi. Ulendo woyamba ndinawauza kuti, "Amayi, ngozi yachitikadi, koma za mng'ono wanga sindinamve kanthu, ndipo sindikuuzani chimene sindinachitsimikize." Maulendo enawo ndinabwereza mawu omwewo, ngakhale kuti mnzanga wina pamsika anali atandiuza kuti waona lole yofanana ndi yathu pafupi ndi motowo. Cha m'ma 9 koloko usiku mng'ono wangayo anayimba ali ku Moatize pa foni yobwereka, poti batire ya foni yake inali itatha, ndipo m'pamene ndinawayimbira amayi. Akanamva za lole yofanana ija, sindikudziwa ngati mtima wawo ukanapirira maola amenewo.

Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo lakuti ndikamauza abale nkhani, ndizinenanso kumene ndaitenga: izi ndaona ndekha, izi ndamva pa wailesi, izi akukamba mu chapa. Poyamba ankandiona ngati wovuta, koma pano achimwene anga akalandira uthenga wodabwitsa pa Facebook amanditumizira kaye kuti ndiwafunsire kuno.

Moyo wa mu mzinda uno wasintha ndithu. Mlatho wachiwiri wowolokera Zambezi, wa Kassuende, unatsegulidwa mu 2014 ndipo malole akuluakulu anachepa pa mlatho wakale, ma txopela (timagalimoto ta mateyala atatu) ndi njinga zamoto zonyamula anthu zadzaza misewu, ndalama timatumiza pa M-Pesa m'malo mopatsira dalaivala, ndipo Vale inagulitsa mgodi wake kwa Vulcan mu 2022. Koma zimene anthu a ku Matundo ndi ku Chingodzi timakambirana madzulo tikakhala pakhonde ndi zomwe zija: tsiku limene mpope utuluke madzi, mtengo wa thumba la makala, fumbi lakuda limene abale athu a ku Moatize amalipeza pa zovala zimene ayanika, ndiponso chifukwa chake chigawo chimene chili ndi damu la Cahora Bassa, lotumiza magetsi mpaka ku South Africa, chikadali ndi midzi yogona mu mdima. Nkhani zimenezi sizikhala ndi tsiku lophulika, n'chifukwa chake sizimveka kawirikawiri pa wailesi yakanema, koma ndi zimene zimatidyera ndalama ndi tulo.

Mu January 2022 namondwe wotchedwa Ana anagwetsa mvula yoopsa, mtsinje wa Revúbuè unasefukira n'kudula mlatho wolumikiza Tete ndi Moatize, ndipo ngakhale mkulu wa boma la Tete anamwalira galimoto yake itakokoloka ndi madzi. Mauthenga anali akuzungulira kale onena kuti mzinda wonse wamira. M'mawa mwake ndinanyamuka wapansi mpaka pamene apolisi ankabwezera anthu, ndinaona ndi maso anga pamene mlathowo unadukira ndi nyumba za m'mphepete zimene madzi analowamo, kenaka ndinayimba foni. Amayi, amene tsopano makutu ayamba kuwavuta, sanayambe ndi moni. Anafunsa kuti, "Waona wekha kapena wamva?" Ndinawayankha kuti ndaima pomwepo, ndipo anaitana azakhali kuti abwere adzamve nawo.

M'gawo lotsatira ndidzafotokoza mmene kuduka kwa mlathowo kunatiwolera mbatatesi ya malole awiri, ndi mmene ine ndi mayi a ana tinayambiranso malonda ndi matumba asanu okha.