Phazi langa linakana kampani imodzi

Alamu anga akakonda chinthu, amafuna mtundu wonse uchikondenso. Atalowa timu ya hoke ya pa ayisi, ya akuluakulu ongoyamba kumene kuphunzira, kunyumba kwathu kunalibenso mtendere. Akabwera kudzaona mlongo wawo, moni asanathe, maso ali kale pamimba panga. "Alamu, mimba imeneyi ikufuna ayisi." Ndinazemba mpaka njira zozembera zinatha, kenako ndinavomera, pamaso pa mayi akunyumba, ndipo mawu olankhulidwa pamenepo sabwezedwa.

Amene simunasewerepo, dziwani kuti hoke si masewera oti munthu angovala kabudula n'kuthamanga. Chomwe amalimbirana ndi kamphira kakuda kolimba gwa, amati puck, kotambalala masentimita 7.6, kolemera pafupifupi magalamu 170, ndipo pamasewera akuluakulu amayamba akaumitsa mufiriji kuti kasamadumphedumphe. Katswiri wina wa hoke, Zdeno Chara, anakamenyapo mu 2012 pa liwiro la makilomita 175 pa ola. N'chifukwa chake pafupifupi paliponse pamene munthu ali ndi fupa pamafunika chotchinga chake: helemeti, za m'mapewa, za m'zigongono, magolovesi, kabudula wa mapilo, za m'misongolo, ndi kena koteteza pamene sindingatchule poti nkhaniyi akuwerenganso apongozi. Ndiye pabwere nsapato za mipeni kunsi, ndi ndodo.

Alamu anandilangiza kuti ndipite kusitolo yogulitsa katundu wa makampani osiyanasiyana. Ine ndinamva, koma maso anga anali ataona kale sitolo ina ya kampani imodzi yokha, yomwe dzina lake sinditchula. Magalasi mbee, magetsi ofewa, zidole zovala zida kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mtundu umodzi, chizindikiro chimodzi. Ndine munthu woti lamba amayenera kufanana ndi nsapato. Ndinati ngati kusewera sindidziwa, bola ndioneke wodziwa.

Anandilandira mnyamata waulemu kwambiri. Anandiimika pamakina oyeza mapazi, chithunzi cha phazi langa n'kutuluka pakompyuta, chikuzungulira pang'onopang'ono kuti aliyense m'sitolomo achione bwino. Phazi langa, abale, ndi lotambalala kutsogolo, chidendene chili chowonda, ndipo chala chachikulu chinasankha njira yakeyake kalekale. Mnyamata uja analiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anandifotokozera kuti nsapato za hoke zimatsika ndi saizi imodzi kapena imodzi ndi theka poyerekeza ndi zoyendera, ndiye ine wa 10 ndivale 8.5. Zimenezo n'zoona, ndinadzatsimikiza pambuyo pake. Anatulutsa zotambalala kwambiri pa zonse zomwe kampani yawo imapanga. Nditalowetsa phazi, misozi inalengeza.

"Zikuthina, achimwene."

"Musadandaule bambo, zikalowa mu uvuni zimvera."

Ndimaganiza kuti akuseleula, koma uvuni unalipodi, kumbuyo kwa kauntala. Nsapato zamakono amaziwotcha kwa mphindi zingapo kuti zifewe, munthu n'kuzivala zili zofunda, n'kukhala phee kwa mphindi 15 osaimirira, kuti zikamazizira zitenge maonekedwe a phazi lake. Kukoma kwa nsapato yofunda musakuderere. Zala zomwe zimalira zija zinangoti zii. Ndili chikhalire, mtima uli m'malo, mnyamata uja anayamba kubweretsa zina zonse, ine ndikungogwedeza mutu. Pofika nthawi yoti nsapato zizizire n'kuyambanso kuluma, khadi la kubanki linali litadutsa kale.

Helemeti inandifinya m'mbali mwa mutu, koma pachipumi panali mpata wolowa zala ziwiri. Anamasula, anamanga, anabweretsa yaikulupo, imeneyo n'kumagwera m'maso. Tinabwerera ku yoyamba ija. "Ndi mmene imakhalira ikakhala yatsopano," anatero. Sindikuti mnyamatayo ananama dala, ayi. Katundu wakwawo ankamudziwa mpaka ulusi womaliza, ndipo chilichonse ndinafunsa anayankha mosajejema. Kungoti munthu wogulitsa za kampani imodzi pali mawu amodzi omwe ntchito yake simulola kunena: akuti mutu wanuwu ungakwane bwino mu helemeti ya anzathu aja.

Pa ndodo anandifunsa kuti ndimagwira ya kumanja kapena ya kumanzere. Funso lophweka, ndimalembera dzanja lamanja. Anafunsanso za fuleksi, nambala yosonyeza kulimba kwa ndodo, n'kunena kuti ambiri amatenga theka la kulemera kwawo m'mapaundi. Ndine wa makilogalamu 90, ndiwo mapaundi pafupifupi 200, ndiye 100. Iye anati ongoyamba kumene amapeza bwino ndi yofewako, ya 75 kapena 85. Ine ndinati ndipatseni ya amuna.

Chomaliza anafunsa kuti, "Tinole pa theka la inchi?"

Ndinayang'ana mipeni ija, yonyezimira, yatsopano. Kunolanso chiyani? Kuti ndikadule zala za alamu anga? Ndinakana, ndipo ndinakana mwa munthu wodziwa. Iye anatsegula pakamwa, n'kutsekanso, n'kuvundikira mipeniyo ndi timapulasitiki totetezera, n'kundiperekeza mpaka pakhomo.

Kunyumba ndinakumbukira kuti alamu anati ndodo izilekeza pachibwano. Ndinatenga sowo, ndinaima osavala nsapato, n'kudula pachibwano penipeni. Muyeso umenewo ndi wa munthu yemwe wavala nsapato za mipeni zija, zomwe zimamukweza masentimita angapo. Ukaima pansi ndodo imayenera kufika pamphuno. Komanso ndodo ukaifupikitsa imaumirapo. Ndiye ndinali ndi ndodo yaifupi, youma, yopindikira kolakwika, ndipo ndinagona ndikumwetulira.

Tsiku la masewera, m'chipinda chovalira, anthu anasiya zomwe amachita. Onse anali ndi zida zakale zosakanikirana, zomata ndi tepi, zonunkha moti ntchentche zikadakhalapo zikanapempha chilolezo chotuluka. Ine zanga zikuwala. Ndinayambira kumutu kumatsika: helemeti, mapewa, zigongono, jezi, magolovesi. Pofika pansapato ndinapeza kuti kuwerama sikutheka, ndipo zingwe sizigwirika ndi magolovesi. Povala amayambira m'munsi. Alamu anagwada n'kundimangira nsapato, mapewa awo akugwedezeka ndi kuseka kobisa.

Ndinatsegula kachitseko kolowera pa ayisi, ndinaponda ndi mwendo wamanja, ndipo chimene ndinaona kenako ndi magetsi a kudenga. Chagada, phi! Timapulasitiki tija ndinali ndisanavule. Timu yonse inamenyetsa ndodo pa ayisi, kumene kuli kuwomba m'manja kwa anthu a hoke. Ndinakwawa, ndinavula timapulasitiki, ndinaimirira ndi ulemu wonse womwe unatsala, n'kunena kuti basi, vuto lapezeka. Ndinakankha mwendo kuti ndiyende. Wamanja unapita kum'mawa, wamanzere kumadzulo, ine n'kutsala pakati ndikunjenjemera ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Ulendo uno ndinagwa chafufumimba.

Aphunzitsi a timuyo, mayi wamfupi wa imvi, anatsetsereka n'kudzaima pafupi ndi khutu langa, tizidutswa ta ayisi n'kundithira kumaso. Ananyamula mwendo wanga osapempha, n'kupala chikhadabo pampeni. Sichinapalike.

"Bambo, izi zanoledwa liti?"

"N'zatsopano, mayi."

"Ndicho ndikufunsira."

Apo m'pamene ndinaphunzira, nditagona pamadzi oundana, kuti mpeni wa nsapatozi sukhala wakuthwa pakati. Ndi wotambalala mamilimita atatu okha, ndipo ponola amakumba kangalande m'litali mwake kuti kutsale nsonga ziwiri, yamkati ndi yakunja, zomwe zimaluma ayisi. Theka la inchi lija ndi muyeso wa kangalandeko. Nsapato zatsopano nthawi zambiri zimachoka kufakitale zilibe zimenezi. Ndinali ndikuyesa kuyenda pa zitsulo ziwiri zosalala.

Zotsatira zake ndingodumpha. Zala zinachita dzanzi, chidendene chikuvukavuka m'nsapato mpaka matuza, mutu ukugunda m'mbali momwe helemeti imafinya, ndipo puck ikandidutsa ndodo inkapezeka itapindikira kwina. Nthawi itatha onse anatuluka, ine ndili pakati pa bwalo. Chigalimoto chosalaza ayisi, chomwe anachipeka Frank Zamboni ku California mu 1949, chinali chitaima pageti chikudikira ine ndekha. Woyendetsa anapinda manja. Anandikoka ndi kamnyamata ka zaka ngati khumi, ine nditagwira kumapeto kwa ndodo yake, iko kakutsetsereka chobwerera m'mbuyo, kakutafuna chingamu.

Kubweza katundu kunakanika. Palisiti panalembedwa bwinobwino, m'tizilembo tomwe sindinawerenge, kuti nsapato zowotchedwa ndi ndodo yodula sizibwerera. Mlandu ndinalibe nawo poyambira.

Choncho ndinakafika kusitolo ija alamu ananena poyamba. Kukongola kulibe. Makatoni mpaka kudenga, Bauer, CCM, Warrior, True, zonse khomo limodzi, makina onolera akulira kuseri, fungo la mphira ndi chitsulo. Mwini wake anali mkulu wa magalasi olendewera pamphuno. Makina oyeza mapazi analipo, koma anawadutsa. Anati ndivule masokosi, anayang'ana phazi, n'kupuma mozama.

"Achimwene, phazi ili ndi la anthu awiri. Kutsogoloku n'kwa wina, chidendenechi n'cha wina."

Anatsitsa makatoni a makampani osiyanasiyana. Nsapato iliyonse ankayamba wasolola kapansi kamkati n'kundiuza kuti ndipondepo, aone ngati phazi likusefukira m'mbali. Ndikavala, ankati ndimenye chidendene pansi, ndiimirire, zala zizingokhudza kutsogolo pang'ono, ndikapinda mawondo zichoke. Mawu omwe ndinamva kawirikawiri anali akuti "iyi ayi, vulani." Sindinadziwe kuti mawu amenewa angakome chotero. Pamene ina inagwira chidendene n'kusiya zala zikupuma, sanafunse n'komwe, anangoona nkhope yanga n'kupita nayo ku uvuni.

Mkuluyu ndi wolongolola. Akundiyesa mahelemeti anandiuza kuti mitu ina ndi yozungulira, ina ndi yotalika kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo makampani saumba chimodzimodzi. Anati CCM inayamba ndi njinga mu 1899, Bauer inayambira mumzinda wa Kitchener ku Canada mu 1927. Anati kale anthu ankasewera mutu uli pamtunda, ligi yaikulu ya hoke ya ku America ndi Canada, ya NHL, inadzakakamiza helemeti kwa osewera atsopano mu 1979, ndipo womaliza kusewera wopanda helemeti, Craig MacTavish, anasiya mu 1997. "Koma iyeyo ankadziwa kuima," anatero akundimanga lamba wa pachibwano. "Inu tikuikiraninso kachitsulo kotchinga kumaso."

Za ndodo sanandifunse dzanja lolembera. Anandipatsa tsache la mpini wautali n'kuloza pansi. Ndinayang'ana alamu, alamu n'kuyang'ana kudenga. Ndinasesa. Dzanja lamanja linapezeka lili pamwamba, lamanzere m'munsi. "Ya kumanzere," anatero mkulu uja. Dzanja lamphamvu likakhala kumutu kwa ndodo ndilo limawongolera, n'chifukwa chake olembera kumanja ambiri amagwira ndodo yotchedwa ya kumanzere. Anandisiya ndimalize kusesa pakona ponse asanalande tsachelo.

Musaganize kuti kumeneko kulibe msampha. Kusankha kukachuluka mutu umazungulira, ndipo wogulitsa za makampani onse amakhalanso ndi katundu wa chaka chatha yemwe akufuna achoke pashelefu. Magolovesi anga oyamba aja analibe vuto lililonse, za m'mapewa ndi m'zigongono chimodzimodzi, ndipo ziwirizi ndikuvalabe mpaka pano. Koma mkuluyu anangoti ndiyeseko ena omwe anatsitsa mtengo, ndipo analidi ofewa m'manja. Chimene chinatsitsa mtengo ndi mtundu wake, wobiriwira wowala woti ungaoneke usiku. Ndinagula. Panopa ndikalowa pa ayisi, helemeti ndi yoyera ya kampani ina, nsapato za ina, ndodo ya ina, kabudula wakuda, manja akuwala. Kugwa ndimagwabe, koma tsopano ndimagwa ndikupita kutsogolo.

Nsapato zoyamba zija ndinayesa kugulitsa. Aliyense akayesa amavula msanga n'kufunsa kuti mwini wake anachita ngozi yanji. Ndodo yaifupi ija anatenga alamu, ati mwana wawo akakula adzaigwiritsa ntchito, ndipo za ndalama tidzakambirana.

Posachedwapa goloboyi wa timu yathu anasamuka. Alamu anabwera madzulo, anakhala pampando, n'kuyamba kundiyamikira pamaso pa mlongo wawo. Akuti timu yakhala pansi n'kuona kuti palibe wina amene amatseka ayisi ndi thupi lake kuposa ine, ndipo poti nthawi yambiri ndimakhala ndagona kale, bwanji ndizigona pagolo. Mtima unayamba kukoma, mpaka ndinakhala tsonga.

Mayi akunyumba anafunsa funso limodzi. "Achimwene, goloboyi amavala zomwe anagulazi?"

Alamu anakanda m'mutu. Anati nsapato zake n'zina, helemeti n'njina, ndodo n'njina, magolovesi onse awiri ndi ena ndipo safanana, za m'miyendo ndi zimapilo zofika m'ntchafu, za pachifuwa n'zinanso.

"Ndiye chotsala n'chiyani?"

"Chikwama," anatero alamu. Anaganizanso pang'ono. "Ayi, chikwama chimachepa."