Kapini ka mfuti ndi nkhuku za amake mwana

Kuno ku Mabvuku, mu Harare, munthu akamva kuti uli ndi mfuti amayamba wakuyang'ana nsapato, kuti aone ngati ndiwe mlonda kapena wapolisi. Ine ndimawotcherera zitsulo ku Msasa. Mfuti yanga sinapheko ngakhale njiwa. Ntchito yake ndi kuboola mapepala Loweruka kumalo a masewera owombera chandamale, kumene anandilowetsa bwana wanga wakale. Ndi Ruger 10/22, ija inayamba kupangidwa mu 1964, ya tizipolopolo ta .22, yomwe imanyamula 10 m'kamagazini kake kozungulira ndipo ukawombera imadzilowetsera yokha chipolopolo china. Mapepala ake ndili nawo monga likufunira lamulo la Firearms Act, ndipo imagona m'kabati yachitsulo yomwe ndinawotcherera ndekha n'kuikhomera kukhoma.

Pamtunda wa mamita 50 anzanga amaunjika zipolopolo malo amodzi. Zanga zinkabalalika pepala lonse, zambiri kumanja. Mdala wina wa kumeneko, wandevu zoyera, wosalankhulalankhula, anaitenga mfutiyo, naonetsetsa kuti mulibe kanthu, n'kuikhethemula kamodzi. Anati trigger yake, ija timakoka ndi chala powombera, ndi yolimba. Sananame. Kuikoka kunali ngati kukoka mbuzi yomwe yazindikira kuti ulendowu ndi wa kumsika. Chala chikamalimbana nayo dzanja lonse limathandizira, ndiye mfuti imapotoka pang'ono chipolopolo chisanatuluke. Opanga amailimbitsa dala kuti mfuti isamangolira chisawawa m'manja mwa ophunzira, koma wofuna kulasa pakati penipeni imamuvutitsa.

Kunyumba ndinaiyeza mwachikuda. Mfuti yopanda chipolopolo ndinailozetsa kudenga, kawaya ndinakakola pa trigger, kumapeto kwa kawayako chigubu, n'kumathira madzi pang'onopang'ono. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Inati kha! madzi atatsala pang'ono kukwana malita 3. Amake mwana anangoima pakhomo kuwayang'ana madziwo, poti anali atawavutikira pamzere wa kumjigo m'bandakucha.

Kusankha trigger ina ndiye kunandisowetsa tulo. Pali za single-stage, zomwe ukangoika chala n'kukanikiza zimamasuka pompo. Pali za two-stage, zomwe zimayamba zayenda mofewa, n'kuima pakakhoma, ndipo ukawonjezera pang'ono ndiye mfuti imalira. A Ruger eni ake amagulitsa BX-Trigger, yomasuka pa mapaundi 2.5 mpaka 3, kutanthauza kilogalamu imodzi ndi kanthu. Kulinso za Timney, za Volquartsen, ndi za Kidd zomwe zina zimatsika mpaka pansi pa theka la kilogalamu. Mtima wanga unali pa yopepukitsitsayo, thumba lokha ndi lomwe linkakana. Ndiye monga munthu wa zitsulo ndinali nditatola kale fayilo, kuti ndingopala kadzino kogwira hamala (kachitsulo kamene kamamenya kuti chipolopolo chiphulike) m'kati mwa yakaleyo, nkhani ithe.

Mdala uja atamva za fayiloyo analankhula mawu ochuluka kuposa onse amene ndinamumvapo chaka chonse. Anati mfuti yodzilowetsera chipolopolo si ngati ija yokoka ndi dzanja. Ikangolira, chitsulo cha m'kati chimabwerera m'mbuyo n'kudzamenya kutsogolo mwamphamvu, ndipo kadzino kaja kakhale kogwira mokwanira kuti hamala isapulumuke ndi kugwedezekako. Ukakapala mopyola, mfuti imatha kulira kawiri iwe utakhethemula kamodzi, kapena kulira yokha ikagwa. Anati ndigule yopangidwa kale, yongolowetsa yathunthu, ya kilogalamu imodzi ndi kanthu, ndisiye zamatama. Ndinagula BX kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka m'tauni, ndi madola a ku America. Amake mwana ndinawauza theka la mtengo wake, ndipo ngakhale thekalo linawakhalitsa pansi.

Tsiku loika, magetsi anali atathima, ndiye ndinakakhala pakhonde lakuseri kuti ndione bwino dzuwa lisanalowe. Ntchito yake ndi yochepa: sikuluwu imodzi pansi, chitsulo chonse chimachoka m'thabwa, ndipo trigger imagwiridwa ndi timapini tiwiri tosalala. Timapiniti sitikhala ndi mazinga, chomwe chimatitchinga ndi thabwa lija. Nditangopendeketsa mfutiyo, kamodzi kanagwa pasimenti, ngwee, n'kugubuduka, kudutsa pansi pa waya, mpaka m'khola.

M'kholamo munali nkhuku za amake mwana 25, za mabuloila, zitatsala sabata imodzi kuti zigulitsidwe. Ndinaona ndi maso angawa imodzi ikujompha kanthu, n'kutambasula khosi, n'kumeza. Ndinakuwa. Kukuwako kunazibalalitsa, ndipo zitakhazikika zonse zinkandiyang'ana ndi nkhope imodzi. Amene anawetapo mabuloila akudziwa: zoyera zokhazokha, msinkhu umodzi, uchitsiru umodzi.

Ndinakumbukira kuti kapiniko n'kachitsulo. Ndinaphwasula sipika ya wailesi yakufa, kuchotsamo maginito, kuvula malaya kuti asade, n'kulowa m'khola. Ndinayamba ndaika maginitoyo pa utuchi kuti ndimange chitseko ndi waya, kenako ndinayamba ntchito. Kugwira nkhuku, kuipanira m'khwapa, kuisisita ndi maginito kuyambira pakhosi mpaka pamimba, kuitaya, kugwira ina. Vuto linali lakuti yotayidwayo inkabwerera m'gulu, ndiye ina ndinaisisita mpaka inazolowera, inayamba kubwera yokha. Mdima unagwa. Tochi ndinailuma pakamwa.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Anali apongozi anga, bambo ake a amake mwana. Tinkawayembekeza mawa lake kuchokera ku Dedza, kudzera ku Tete ndi Nyamapanda, koma basi inawatula ku Roadport madzulo omwewo, ndipo mnyamata wa kutchalitchi anawaperekeza mpaka pakhomo. Anaima kunja kwa waya, chikwama m'manja, jekete lomangidwa mabatani onse. Ndinafuna kugwada, koma m'khola la mabuloila mulibe pogwada. Ndinayankha tochi ili m'kamwa.

"Pitirizani," anatero. "Sitifuna kusokoneza mwambo."

Ndinawamva akuitana mwana wawo kumbali. "Iwe, malonda a nkhukuwa akuyenda ndi chiyani? Nkhuku zoyera zokhazokha, usiku, mwamuna wopanda malaya. Ife tinakulera m'mpingo."

Ndinatuluka msanga, nthenga zili m'tsitsi. "Bambo, si zimenezo ayi. Ndikufuna chitsulo cha mfuti."

"Mfuti ili kuti?"

"Ili m'nyumba, koma chitsulo chake chili m'nkhuku."

Anakhala pansi pa chikwama chawo. Anati ku Dedza anamvapo za anthu osunga ndalama m'njoka, koma za mfuti m'nkhuku wayamba ndi mkamwini wawo, ndipo kukacha aitanitsa akulu a mpingo wa CCAP. Amake mwana, m'malo mondipulumutsa, anangopinda manja n'kunena kuti nawonso akufuna amve bwino.

Poti mlendo anali atafika, nkhuku imodzi inayenera kufa basi. Ndinasankha yomwe ndinkaikayikira, yoyenda mopendama. Tinaitumbula pa tochi, apongozi ali pomwepo ngati mboni. M'chithokomiro munali chakudya chokhachokha. Nthutumba ndinaing'amba ndekha: timiyala, utuchi, ndi batani loyera la yunifolomu ya mwana wathu. Ndinati mwina ndi ija inkabwera yokha, chikumbumtima chinkaivuta. Nayonso inagona pampeni. Munalibe kanthu. Nditayang'ananso kukhola, amake mwana anati, "Bambo a mwana, mukakhudza yachitatu mukagona momwemo." Anatenga kope lawo la ngongole n'kulemba dzina langa pansi pa la mayi wogulitsa tomato.

Apongozi anapempha kuti aone "chithumwacho". Ndinawapatsa ndi manja awiri. Anachiunika, kuchinunkhiza, kuchitembenuza. Kuseri kwake kunali kutamatirira misomali iwiri yadzimbiri, chitsekerero cha botolo, ndi kapini kanga, kali phee. Kanakwera nthawi ija ndinaika maginito pa utuchi, ndipo nkhuku zonse zija ndinazisisita kapiniko kali m'dzanja langa lomwe.

"Ndi ichi?"

"Ndi chomwecho, bambo."

"Chimenechi n'chimene chapha nkhuku ziwiri?"

Pachakudya, nthutumba ndi ya mlendo, ndipo zonse ziwiri zinapita m'mbale mwawo. Ankatafuna mosamala kwambiri, akumaima, n'kumafufuza ndi lilime. Anati sakudziwa kuti mfutiyo ili ndi zitsulo zingati.

Za akulu a mpingo zinatha, koma anati sabwerera ku Dedza asanaione ntchito ya chinthu chodula chotere. Loweruka ndinapita nawo. Trigger yatsopano inali yokoma, kungoganiza zowombera iyo yamasuka kale, ndipo chipolopolo changa choyamba chinatuluka ndisanamalize kupuma, n'kukaboola pangodya ya pepala. Zotsatirazo zinayandikana ndithu, ngakhale sizinafike pa za anzanga. Mdala wandevu uja anawafotokozera apongozi malamulo a pamalopo, n'kuima pambali pawo. Iwo anati kuyambira unyamata wawo sanagwirenso mfuti, ndipo yomwe ankasakira nguluwe nthawi imeneyo inali ya gogodera, yothira onga kukamwa. Anavula jekete, kulipinda, kugona pamphasa, n'kuwombera zisanu. Mabowo onse asanu anagundana, pansi pang'ono pa pakati.

Anadzuka akudzisasa fumbi. "Mfutiyi ndi yabwino, bambo, koma chokokerachi n'chofewa kwambiri, chikundidzidzimutsa. Yakale ija munataya?"

Ndinati ilipo.

"Mubwezeremo, ndidzayesenso ndisanapite."

Madzulo nditatulutsa sikuludiraiva, ndinapeza pachitseko cha khola pali loko watsopano, kiyi ali pachingwe m'khosi mwa amake mwana. Anati ngati ndikufuna kumasula mfuti ndikamasulire ku Msasa, ndipo ngongole ya nkhuku ziwiri ija amalandira madola okha, osati ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe.