Kumanga chipangizo choonetsa thambo lonse m'nkhani yopeka

M'nkhani zopeka za sayansi mumapezeka chipangizo cha hologalamu: munthu akangodina batani, mpira wa kuwala umayandama pakati pa chipinda, milalang'amba yonse ili m'menemo. Chipangizo chotere kulibe, komabe wolemba ayenera kuchimanga mosamala.

Yambani ndi kukula kwake. Mbali ya thambo imene tingathe kuiona, m'mimba mwake ndi mtunda umene kuwala kumayenda m'zaka pafupifupi 93 biliyoni. Mukaipanikiza mu mpira wa mamita 10, mlalang'amba wathu, umene kuwala kumaudutsa m'zaka pafupifupi 100,000, ungangokhala kadontho ka mamilimita 0.01, kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Dzuwa ndiye silingaoneke n'komwe. Choncho pakhale chopotokola chokulitsira chithunzi kakhumi pa sitepe iliyonse. Masitepe asanu ndi limodzi akwanira kuti mlalang'amba wathu udzaze mpirawo.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa nthawi. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, koma mitunda yake ndi yosasimbika. Kwa Dzuwa kumatifika patatha mphindi 8 ndi masekondi 20, kwa Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi Dzuwa, patatha zaka zoposa zinayi, kwa mlalang'amba wa Andromeda patatha zaka 2.5 miliyoni. Ndiye kuti chipangizocho sichionetsa za lero. Pakati pa mpira, pamene pali dziko lathu, pali zaposachedwa, mukamalowera kunja mukubwerera m'mbuyo, nthawi itasanjikizana ngati makoko a anyezi. Ngati mpangankhani wanu aona nkhondo ku mlalang'amba wina n'kunyamuka kukathandiza, nkhani yathyoka msana, chifukwa omenyanawo anatha kalekale. Wolemba asankhe chimodzi: chionetse kuwala kwakale, kapena kompyuta iwerengere pamene zinthuzo ziyenera kukhala tsopano. Njira yachiwiriyi imapatsa nkhani mchere, poti kompyuta ikhoza kulakwitsa.

Kuyandama kwa chithunzi nakonso n'kofunika kukuganizira. Hologalamu yeniyeni, imene njira yake anaitulukira katswiri wa sayansi Dennis Gabor, imajambulidwa pogawa pawiri kuwala kwa leza (laser, chipangizo chotulutsa kuwala kolunjika ngati chingwe), ndipo imaoneka pokhapokha diso likalunjika pa galasi kapena filimu yake. Pamalo opanda kanthu kuwala kulibe pogunda. Ikanimo nkhungu yopyapyala kapena tizidutswa toyandama, ndipo kumbukirani kuti munthu akatsegula chitseko, mphepo idzagwedeza chithunzicho.

M'mphepete mwa mpirawo musaikemo nyenyezi. Kumeneko kukhale khoma la kuwala kumene kunatuluka thambo lili ndi zaka pafupifupi 380,000 zokha. Kuseri kwa khomalo kuwala sikunkayenda momasuka, motero chipangizo chodalira kuwala chithere pomwepo.