Masabata atatu ndi Daymé Arocena m'makutu

Aphunzitsi athu a nyimbo anatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe woyimba wa kutsidya kwa nyanja, amumvetsere mofatsa, kenaka afotokoze komwe nyimbo zake zinachokera. Ine ndinasankha Daymé Arocena wa ku Cuba. Kunena zoona, chinandikoka ndi chithunzi chabe: mtsikana wakuda atavala zoyera zokhazokha, duku kumutu, akuseka ngati ali pachinkhoswe.

Anabadwa mu 1992 ku Havana, ndipo anaphunzira kutsogolera kwaya pasukulu ya nyimbo ya Amadeo Roldán. Kusukuluko ankaphunzira nyimbo za ku Ulaya zolembedwa papepala, koma akaweruka ankakapeza ng'oma ndi nyimbo za Santería, chipembedzo chimene mizu yake ili kwa Ayoruba a kumadzulo kwa Africa amene anatengedwa ukapolo (ku Cuba ukapolo unatha mu 1886). Zoyera zija si fashoni ayi, n'zachipembedzo chimenechi. Jazz anadzaiwonjezera pamwamba, ndipo chimbale chake cha Nueva Era chitatuluka mu 2015 ku kampani ya Brownswood ya ku London, dzina lake linamveka kutali.

Poyamba ndinalemba kuti "amasakaniza nyimbo zosiyanasiyana". Aphunzitsi anazungulira mawuwo ndi cholembera chofiira n'kufunsa kuti, akusakaniza chiyani ndi chiyani? Apa m'pamene ntchito inayambira. Ndinayenera kuphunzira clave, kagundidwe kasanu komwe kamagawika patatu ndi pawiri, kamene nyimbo zambiri za ku Cuba zimatsamirapo. Mawu a Daymé amatha kuuluka mwa jazz, kwaya n'kumavomera ngati m'tchalitchi, koma pansi pali clave phee, osasuntha. Ndinkawomba m'manja mpaka mng'ono wanga anandithamangitsa m'chipinda.

Chimene chinandikhazika pansi ndi china. Kagundidweka sikanali kachilendo m'makutu mwanga, chifukwa bambo anga ankakonda rumba ya ku Congo. Ndinadzapeza kuti m'zaka za m'ma 1940 malekodi a ku Cuba ankamvedwa kwambiri ku Léopoldville, komwe lero ndi Kinshasa, ndipo oyimba a kumeneko anatengerako. Komatu chimene anatengeracho kwenikweni ndi son, mtundu wina wa nyimbo zovina za ku Cuba, osati rumba ya ku Cuba, yomwe ndi ya ng'oma ndi mawu basi. Dzina limodzi, nyimbo ziwiri, ndipo ndinazisokoneza tsamba lonse.

Lachisanu ndikaimirira kutsogolo kwa kalasi kukawomba clave. Pa kugunda kwachinayi manja anga akumafulumirabe.