Dzina la msodzi pa pepala la 1911

Sabata yatha tili pakhonde kuno ku Mangochi, alamu anga anandionetsa chithunzi pa foni. Iwo kwawo ndi ku Kilrush, katauni ka kumatsiriro kwa mtsinje wa Shannon ku Ireland. Chithunzicho chinali cha pepala la kalembera wa 1911. Dzina la agogo a bambo awo lili pomwepo, ntchito yawo usodzi, ndipo m'munsi anasaina okha, zilembo zopendekeka ngati za munthu wozolowera nkhafi kuposa cholembera.

Kubwerera m'mbuyo njira imathina. Mapepala ambiri a kalembera wa 1821 mpaka 1851 anapsa ku Dublin mu 1922, nkhondo yapachiweniweni ikuyamba, ndiye alamuwo amadalira mabuku a ubatizo akuparishi ndi miyala yakumanda.

Zinandikhudza kwambiri. Nafenso agogo athu anali asodzi pa Shire pompano, tauni ino ikutchedwabe Fort Johnston, koma pepala lawo tilibe.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita kwa amayi aakulu kwa Mponda. Ndinawapeza akusenda chinangwa. Anatchula amayi 7 a mbumba yathu mmodzimmodzi osapunthwa, ine ndikulemba kumapeto kwa kope la mwana wanga. Pa dzina lachisanu anaima kaye, n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.