Usiku umene ndinagawa chuma changa ku Lusaka

Alamu anga amakhala ku Chilenje mu Lusaka, ndipo akabwera kwathu ku Mchinji satha kulankhula mphindi zisanu osatchula masitolo akuluakulu a ku Manda Hill. Titagulitsa soya amene tinasunga podikira mtengo, anatiumiriza kuti ine ndi mlongo wawo Nabanda, mkazi wanga, tikaone mzinda. Unali Okutobala wa 2024, dzuwa likuswa mtengo, koma ine ndinavala jekete kuchokera pa malire a Mwami, kudutsa Chipata, kuwoloka Luangwa mpaka kukatsika pa depoti ya Intercity. Nabanda atandifunsa, ndinati munthu salowa mu likulu la eni ake ngati akupita kudimba.

M'mawa mwake alamu anatulutsa pepala la malo oti tione. Tinayambira pa Freedom Statue, chiboliboli cha munthu wodula maunyolo chimene anachiimika mu 1974 dziko litakwanitsa zaka 10 likudzilamulira. Kenako nyumba nambala 394 ku Chilenje konko, mmene a Kenneth Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962. Nditakumbutsa alamu kuti bambo awo a Kaunda anachokera kwathu ku Malawi, iwo anayankha foni imene sinalire.

Tinakathera ku Embassy Park, kumanda a mapulezidenti. A Mwanawasa, a Chiluba, a Sata, a Kaunda, a Rupiah Banda, onse ali pamenepo, ndipo manda a a Mwanawasa anawamanga ngati kampando ka miyendo inayi. Ndinavula chipewa. Ndinatulukamo ndikusinkhasinkha za kufupika kwa moyo, ndipo mfundo imeneyi muisunge.

Masana tinadya chikanda ku msika wa Soweto, samusa kwa amwenye ku Kamwala, zonse zinatsika bwino. Madzulo alamu anati, "Ba mulamu, lelo muzadya va ma Chinese."

Kumalo odyerako anatikhazika patebulo lokhala ndi moto pakati. Pamotopo panali poto wogawidwa pawiri, mbali ina msuzi woyera, mbali ina wofiira. Mnyamata anabwera ndi mbale za nyama yodula mopyapyala, bowa, masamba, zonse zosaphika. Inali nthawi ija madzi anachepa ku Kariba, magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, choncho ndinamumvera chisoni. "Musadandaule achimwene," ndinatero, "mavuto a magetsi nafenso timawadziwa." Alamu anandiponda phazi n'kunong'ona kuti kuno wodya amadziphikira yekha. Ndinafunsa ngati bilu itsike poti wophika ndine. Anandipondanso.

Tsopano ine ndi tsabola sitinayambe lero. Kambuzi ndimatafuna wosaphika, ana amaitanizana kudzaonerera. Alamu atandichenjeza za mbali yofiira ndinangoseka. Timitengo tiwiri todyera tija ndinatiika pambali, ndinapempha chipande, ndinatunga pansi penipeni pamene pamakhala zokoma. Munabwera nyama, tsabola wouma ndi tinjere tambirimbiri tofiirira. Ndinatafuna zonse alamu akuona.

Kuwawa kunalipo, koma kwa ana. Chimene chinandidabwitsa chinabwera pambuyo. Milomo inayamba kunjenjemera yokha. Lilime linachita dzanzi. Ndinamwa madzi, madziwo ankathetheka m'kamwa. Ndinadzitsina mlomo wam'munsi, sindinamve kuti ndi wanga. Apa m'pamene ndinakumbukira malume anga amene sitiroko inawayambira kukamwa, ndipo manda a m'mawa aja anabwera m'maso mwanga onse asanu.

"Nabanda," ndinatero, mawu akutuluka mopindika, "sendera kuno. Ine ulendo wafika."

Munthu akamapita amafuna kusiya zinthu m'malo. Mbuzi ndinati zikhale za ana. Ngongole ya kwa wogaya chimanga ndinaitchula. Njinga yanga, ya keriyala yowotcherera kawiri, ndinapatsa alamu, ndipo sanakane ngakhale mwaulemu chabe. Ndinapempha kuti asandiike ku Lusaka, andinyamule ndikagone pafupi ndi amayi. Nabanda anali atayamba kale kulira, akundikupiza ndi pepala la mitengo ya zakudya.

Kenako ndinafika pa nkhani yaikulu, chifukwa sindikanatha kukaonekera kumwamba nayo.

"Soya uja, mtengo umene ndinakuuza si umene ndinagulitsira. Zotsalazo ndinasintha pa Mwami. Zili mu jekete muno, ndinasokera mkati, kumanzere."

Kulira kunaima.

"Kumanzere kwanu kapena kwanga, bambo?"

"Kwanga."

"Vulani jeketeyo kuti mupume bwino."

Anandivula mwachikondi, dzanja limodzi kenako linalo, n'kuipinda bwinobwino pamiyendo pawo. Atatero anapitiriza kulira, koma tsopano kunali kulira kwa munthu amene akuwerengera m'mutu.

Phokoso lija linatulutsa mayi wa Chitchaina kukhitchini. Anayang'ana m'mbale mwanga, anayang'ana chipande, kenako anandiyankhula m'Chinyanja cha mu Lusaka chosalala kuposa cha alamu: "Ba tate, simuzafa. Manje manje izasila." Anatola kanjere kamodzi n'kufotokoza kuti ndi tsabola wa ku Sichuan, kwawo ku China. Ntchito yake ndi yomweyo, kuchititsa dzanzi m'kamwa, ndipo anthu a kumeneko amakonda dzanzilo likakumana ndi ukali wa tsabola winayo. Amathira kuti msuzi ukome, ndipo odziwa amatisiya pansi pa poto. Anawonjeza kuti sanaonepo munthu akutitafuna ndi chipande. Mawu amenewa ndinawalandira ngati chiyamikiro.

Patangopita kanthawi milomo inabwerera mwakale. Ine ndimanena mpaka lero kuti mlandu ndi wa amene analemba pepala lija. Sungatengere mlendo kumanda m'mawa, madzulo n'kumudyetsa chakudya chopha milomo, osamuuza.

Ndinayesa kufotokoza kuti mawu a munthu wodwala sagwiridwa. Alamu anati iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo zimene munthu wanena pamaso pa mboni ziwiri zakhazikika. Bilu ya usikuwo inalipidwa ndi jekete.

Kutacha tinabwerera ku Kamwala, ulendo umene sunali papepala. Nabanda analowa sitolo ndi sitolo, ine pambuyo ndili m'malaya okha, nditasenza zitenje, mapoto ndi bulangeti lolemera la maluwa. Mwenye wina anandiyamikira kuti amuna okonda akazi awo chonchi akusowa masiku ano. Pa Intercity, basi itayamba kusuntha, alamu anathamangira pawindo langa. Ndinaganiza kuti akufuna kutsanzika.

"Ba mulamu, njinga ija mukatumize na basi ya pa Friday. Pampu musaiwale."